Musanaponye monita ya mwana m'sutikesi

Makolo ambiri a kuno ku Zomba amene ali ndi monita ya mwana sanaigule m'sitolo ili m'katoni yake. Ena anachita kuwatumizira achibale a ku UK kapena ku America, ena anaitola pa kaunjika, ena anabwera nayo kuchokera ku Joni. Pakhomo imagwira bwino ntchito yake. Mwana wagona kuchipinda, mayi ake akuchapa kuseri kapena akuphika, kachipangizo ka m'manja kali pambali, akangolira amumva. Nkhani imasintha tchuthi chikafika, banja n'kupangana zokaona achemwali ku Pretoria, kukapuma kunyanja ya mchere ku Mozambique kapena ku Zanzibar, kapena kukakhala nawo paukwati wa alamu ku London. Usiku woyamba kumeneko monita ija imakana kuyaka, kapena iyaka koma mbali ya kuchipinda ndi ya m'manja osalumikizana, kapena zilumikizana n'kuduka pakati pa usiku wina osadziwa. Pafupifupi zonsezi zimakonzeka muli konkuno, ngati mwayamba kuziona kutatsala mlungu umodzi kuti munyamuke.

Mamonita alipo a magulu atatu. Pali omvera mawu okha, ndipo ambiri mwa amenewa amagwiritsa ntchito njira ya DECT, yofanana ndi ya matelefoni a m'nyumba opanda nthambo. Pali ena okhala ndi kamera ndi kasikirini kake ka m'manja, amene amalumikizana okha awiriwo pa mafunde a wayilesi a 2.4 GHz osafuna intaneti. Ndiye pali a Wi-Fi, amene kamera imatumiza chithunzi pa intaneti, inu n'kumaonera pa foni. Ngati simukudziwa yanu ili m'gulu liti, kumbukirani ngati munailowetsapo pasiwedi ya Wi-Fi poyiyamba. Kwa ine, paulendo a magulu awiri oyambawo ndi amene ndi odalirika. A Wi-Fi ndi odula komanso ali ndi zambiri, koma ndi amene amachedwetsa makolo kugona akulimbana ndi netiweki ya hotela. Ngati m'banjamo muli azakhali amene ali ndi kamonita ka mawu okha ndipo mwana wawo anakula, bwerekani kameneko.

Pa nkhani ya magetsi, tengani machaja onse awiri, ya mbali yokhala kuchipinda ndi ya mbali ya m'manja, muwerenge timalemba tating'ono pamene palembedwa Input. Mukaona 100-240V, 50/60Hz, mtima ukhale pansi, chaja imeneyo imagwira kulikonse padziko. Mukaona 220-240V yokha, igwira kuno kwathu komwe magetsi ndi 230V, igwiranso ku South Africa, Mozambique, Zambia, Tanzania, Kenya, Dubai, UK ndi maiko a ku Ulaya. Koma ku America ndi ku Canada, komwe magetsi a m'nyumba ndi 120V, siipeza mphamvu yokwanira, ndipo monita ikhoza kukana kuyaka kapena kumazima yokha. Mukaona 120V yokha, imeneyo anaipangira ku America basi, ndipo ikalowa m'soketi ya 230V imapsa pomwepo. Amene ali ndi yotere kuno amakhala ndi kathiransifoma kotsitsa mphamvu, ndipo kameneko kasatsale pokhapokha ngati ulendowo ndi wa ku America komweko. Adaputa siitsitsa kapena kukweza mphamvu ya magetsi. Ntchito yake ndi kusintha kaonekedwe ka mano a pulagi kuti alowe m'soketi, basi.

Pulagi yathu ya mano atatu a makona anayi, yotchedwa Type G, ndi yomweyo ya ku UK, Kenya ndi Dubai, ndipo imapezeka kwambiri ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania. Ku South Africa nyumba zambiri zili ndi masoketi a mano atatu ozungulira akuluakulu, a Type M, pamene nyumba zatsopano zikuikidwa a Type N, a mano atatu ang'onoang'ono. Apa pali msampha umene umagwira anthu ambiri: maadaputa aja amati ndi a dziko lililonse, okhala ndi timano tosiyanasiyana totuluka mukakankha batani, ambiri alibe Type M. Palinso Type D, imene imaoneka ngati M koma ndi yocheperako, ndipo imapezeka m'nyumba zakale ku Tanzania ndi Zambia. Ziwirizi sizilowana. Ku Mozambique masoketi ambiri ndi a mano awiri ozungulira monga a ku Ulaya, ngakhale chakumwera, cha ku Maputo, a Type M amapezekanso.

Werengani zinthu zimene zidzafune soketi usiku uliwonse: kamera, kasikirini, mafoni awiri, power bank. Ndi zisanu kale, pamene chipinda cha hotela chimatha kukhala ndi masoketi awiri, ina ili kuseri kwa bedi. Njira yabwino ndi kugula adaputa imodzi yolimba, ya mano atatu, n'kunyamula eksitenshoni yanu ya kuno ya mabowo anayi kapena asanu. Adaputa ilowe kukhoma, eksitenshoni ilowe mu adaputa, zonse za kwathu zilowe mu eksitenshoni monga zimachitira pakhomo. Ketulo, ayironi ndi chipangizo chowiritsira mabotolo a mwana zisalowe pamenepo, chifukwa zimakoka magetsi ambiri ndipo adaputa yotchipa imatentha mpaka kusungunuka. Chizolowezi chija chokankha kiyi kapena cholembera m'bowo lapamwamba la soketi kuti pulagi ya mano awiri ilowe mokakamiza chisiyidwe ndithu, makamaka m'chipinda mogona mwana wokwawa. Pulagi yolowa motero imakhala yogwedera, imathetheka, ndipo mwana amatengera zimene waona.

Machaja awiri a monita imodzi amatha kufanana kunja koma n'kusiyana pa Output, ina 5V ina 6V. Matani kapepala pa iliyonse, mulembe kuti iyi ndi ya kuchipinda, iyi ndi ya m'manja. Chaja ikatayika muli kunja, musangogula iliyonse imene kamutu kake kakukwanira. Mphamvu ya V ifanane ndendende ndi yolembedwa pansi pa monita, nambala ya A kapena mA ikhale yofanana kapena yoposa, ndipo ngati kamutu ndi kozungulira, onani kachithunzi kosonyeza kuti + ali mkati kapena kunja. Mukasemphanitsa pamenepo chipangizo chikhoza kufa. Mamonita olowa USB alibe mavuto onsewa, nthambo ya foni ya kamutu kofanana imakwanira.

Ife a kuno tinazolowera kuzima kwa magetsi, ndipo ku South Africa ndi ku Zambia nako zimachitika. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti kamera ya mamonita ambiri ilibe batire. Batire lili m'kasikirini ka m'manja mokha. Magetsi akazima kamera imazima, kasikirini n'kutsala koyaka koma kopanda chimene kakumva. Yesani madzulo ano: zulani pulagi ya kamera muone ngati ikuyakabe, ndiponso mumve ngati kasikirini kakulira kukuchenjezani kuti kulumikizana kwaduka. Chenjezo limenelo, ngati lilipo, lisazimitsidwe ngakhale likhale lotopetsa. Kamera yolowa USB mukhoza kuidyetsa pa power bank. Ya 10,000 mAh imasunga pafupifupi 37 Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu yosungidwa m'batire), ndipo ina ikatayika posintha mphamvu zimatsala za pakati pa 25 ndi 30 Wh. Kamera yokoka 3W ingathe usiku umodzi pamenepo. Koma ma power bank ambiri amadzizimitsa akaona kuti chimene chalumikizidwa chikukoka pang'ono kwambiri, poganiza kuti chadzaza kale. Kamonita ka mawu okha kamakoka pang'ono motero, ndiye kakhoza kuzima patangopita mphindi zochepa. Ena ali ndi njira yopewera zimenezi, kawirikawiri kudina batani kawiri. Zonsezi muziyese usiku wathunthu muli pakhomo.

M'mahotela ambiri akunja magetsi a m'chipinda amayaka mukalowetsa khadi la chitseko m'kabokosi ka pafupi ndi khomo. Bambo akatuluka ndi khadilo kukatenga madzi, masoketi amazima pamodzi ndi magetsi ndi AC. Pemphani makhadi awiri polandiridwa alendo, limodzi lizikhala m'kabokosimo.

Batire la kasikirini nalo limakalamba, makamaka ngati monitayo ndi ya pa kaunjika. Litchajeni mpaka lidzaze, muzule, muyatse sikirini, muone maola amene lipirire. Likatha pasanathe maola awiri, nyamulani nthambo yaitali yoti kazikhala pa magetsi pafupi ndi pamene mwakhala. Mamonita ena a mawu okha amalowa mabatire a AAA kapena AA otchajidwa, olembedwa NiMH. Musaikemo mabatire wamba a tochi kenako n'kulumikiza ku chaja, chifukwa amatentha n'kutulutsa madzi amene amadya tizitsulo ta mkati.

Ngati mukukwera ndege ku Chileka kapena ku Lilongwe, power bank ndi mabatire a lithium apadera aziyenda m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi. Malire amene makampani a ndege amatsatira ndi 100 Wh popanda kupempha chilolezo, ndipo kuyambira pamenepo mpaka 160 Wh pamafunika chilolezo cha kampani. Power bank ya 20,000 mAh ndi 74 Wh, ndiye ili mkati mwa malire. Imene malemba ake anafufutika akhoza kukulandani pofufuza katundu, popeza palibe umboni wa kukula kwake. Makampani ena analetsanso kugwiritsa ntchito power bank ndege ili m'mwamba, choncho funsani amene mwagulako tikiti. Monitayo ikhale yozimitsa ulendo wonse. Makina ounikira katundu saiwononga. Amene mukuyenda pa basi kudutsa ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, monita isapite kunsi kwa basi komwe katundu amapanikizana ndi kutentha. Ikulungeni m'zovala za mwana, ikhale m'chikwama chimene muli nacho pampando.

Pali nkhani ina imene siikambidwa kawirikawiri. Monita ndi kawayilesi kotumiza mafunde, ndipo dziko lililonse linagawa mafundewo mwa njira yake. Kuno amayang'anira ndi a MACRA, ku South Africa ndi ICASA, ku UK ndi Ofcom, ku America ndi FCC. DECT ya ku Ulaya ndi maiko ambiri a kuno imakhala pa 1880 mpaka 1900 MHz, pamene ya ku America, yolembedwa DECT 6.0, imakhala pa 1920 mpaka 1930 MHz. Mafunde amene ku Ulaya anawapereka ku DECT, ku America anawapereka ku mafoni a m'manja, ndipo a DECT ya ku America ku Ulaya ndi a mafoni. Ndiye monita ya DECT 6.0 mukaiyatsa ku London imasokoneza netiweki ya mafoni ndipo siiloledwa, chimodzimodzinso ya ku Ulaya mukaiyatsa ku America. Mamonita akale a ku America olembedwa 900 MHz ali ndi vuto lomwelo, amagundana ndi mafunde a mafoni kuno ku Africa ndi ku Ulaya. A 2.4 GHz amaloledwa pafupifupi kulikonse, ndipo n'chifukwa china chimene ndimawayamikirira paulendo.

Pa katoni amalemba kuti monita imafika mamita 300. Mtunda umenewo ndi wa pabwalo lopanda chotchinga, ngati pa bwalo la mpira. M'nyumba umatsika kufika pa mamita 50 kapena kuchepera, ndipo m'hotela yomangidwa ndi konkire yokhala ndi zitsulo mkati, makoma awiri kapena atatu ndi okwanira kudula. Magalasi akuluakulu, zitseko zachitsulo ndi Wi-Fi ya zipinda zoyandikana zimachepetsanso. Mukangofika, mwana asanagone, mmodzi akhale m'chipinda azilankhula chapansipansi, wina ayende ndi kasikirini mpaka pakhonde, pabalaza ndi kukhitchini, aone pamene mawu ayamba kudukaduka. Bwererani mmbuyo masitepe angapo kuchokera pamenepo, amenewo ndiwo malire anu.

Ngakhale zitatheka kuti ikufika kutali, monita isakhale chifukwa chosiyira mwana yekha m'chipinda chokhoma inu n'kutsikira kukadya kapena kukasambira. Apa sindinyengerera. Monita imakuuzani kuti mwana walira. Siikuuzani za utsi, za munthu wina amene ali ndi khadi lotsegulira chitseko chomwecho, kapena za mwana amene watsamwa mwakachetechete. Belu la moto likalira, malifiti amaimitsidwa ndipo anthu onse amatsika pa masitepe inu mukufuna kukwera. Malo oyenera monita paulendo ndi m'nyumba ya achibale, m'nyumba yobwereka yokhala ndi zipinda zingapo, kapena pakhonde la chipinda chanu chomwe, komwe mungafike pa mwana musanathe kuwerenga mpaka makumi awiri. Kupitirira apo, pakhale munthu wamkulu wotsala naye, kaya agogo, azakhali, kapena makolo kusinthana, apo ayi mwanayo apite nanu kumbuyo pa chitenje. Khanda losakwana miyezi 6 azachipatala amalangiza kuti lizigona m'chipinda chimodzi ndi makolo, usana ndi usiku, ndipo malangizo amenewa sasintha chifukwa muli patchuthi.

Amene mwasankha kunyamula ya Wi-Fi, konzekerani izi. Wi-Fi ya m'hotela kawirikawiri imayamba yatsegula tsamba lofuna dzina lanu, nambala ya chipinda, ndi kudina kuti mwavomera malamulo. Kamera ilibe sikirini yodinapo, ndiye imathera pomwepo. Chachiwiri, makamera ambiri amangomva Wi-Fi ya 2.4 GHz, ya 5 GHz saiona n'komwe. Chachitatu, mahotela amatchinga zipangizo za alendo kuti zisaonane, motero foni yanu siingapeze kamera ngakhale zonse zili pa netiweki imodzi. Njira yachidule ndi kudzipangira netiweki yanu. Tengani MiFi kapena foni yapadera, muipatse dzina ndi pasiwedi zofanana ndendende ndi za Wi-Fi ya kunyumba kwanu, mpaka zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Kamera ikayaka iona ngati ili kwawo n'kulumikiza yokha. Pa Android sankhani 2.4 GHz pa zosintha za hotspot. Pa iPhone yatsani Maximize Compatibility, ndipo dziwani kuti dzina la hotspot ndi dzina la foniyo. Yesani muli ku Zomba pozimitsa Wi-Fi ya pakhomo kaye. Foni yopereka hotspot imayenera kutsala pafupi ndi kamera, ili pa chaja, choncho siingakhale yomweyo imene mukuonera. Onaninso ngati MiFi yanu imalola SIM ya kampani ina, chifukwa zina anazitseka kuti zizilowa ya kampani imodzi.

Bandulo imatha msanga kuposa mmene anthu amaganizira. Chithunzi choyenda pa 1 Mbps chimadya 450 MB pa ola, kutanthauza 3.6 GB pa maola 8. Pa roaming ndi SIM ya kuno, ndalama zake n'zosapiririka. Gulani SIM ya komweko, monga Vodacom kapena MTN ku South Africa, Vodacom kapena Movitel ku Mozambique, ndipo pasipoti ikhale pafupi chifukwa amaifuna polembetsa. Chepetsani kaonekedwe ka chithunzi kafike pa SD, imene imadya bandulo pang'ono, kapena siyani mawu okha ndi mauthenga ochenjeza, chithunzi muzitsegula pokhapokha mwamva kanthu. Ngati munaika nthawi yoti kamera iziyamba ndi kusiya kuchenjeza, kumbukirani kuti South Africa, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe ali pa nthawi imodzi ndi ife, Tanzania ndi Kenya ali patsogolo ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri, pamene UK mu Disembala ili kumbuyo ndi maola awiri.

Kuika kamera m'chipinda chachilendo kumafuna maso. Kamera ndi nthambo yake zikhale mita imodzi kapena kuposa kuchokera pamene mwana wagona. Ana afapo atadzikola m'khosi ndi nthambo za mamonita, ndipo ngozi imeneyi imakula paulendo chifukwa makolo akasowa shelefu amangoipachika pa kabedi kapena kuiika pamatiresi. Ikani pa tebulo, pa wodirobu kapena pa mpando wotalikirana, nthambo muimate kukhoma kapena kumwendo wa tebulo ndi tepi. Nyamulani tepi imodzi ndi nthambo ya mamita awiri kapena atatu, zithandiza kwambiri. Mwana amene wayamba kuimirira amafika patali kuposa mmene mumaonera akagona.

Kunyanja ku Mozambique, ku Zanzibar ndi madera ambiri a Tanzania ndi Zambia malungo aliko monga kuno, ndipo mwana agone m'neti usiku uliwonse. Neti imavutitsa kamera mumdima. Kamera imaona usiku pogwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, kochokera m'timababu tozungulira diso lake, ndipo kuwalako kukagunda neti yoyera kumabwerera, sikirini n'kungoonetsa chifunga. Kuisuntha kutali pang'ono ndi neti kapena kuiyang'anitsa chammbali kumachepetsa vutolo, ndipo kusiya kababu kofooka koyaka m'chipinda kumathandiza kamera zina kuti zisayatse infrared. Zikakanika, khutirani ndi mawu. Musalowetse kamera ndi nthambo yake mkati mwa neti, ndipo musakweze neti kuti chithunzi chioneke. Zimachitikanso chimodzimodzi kamera ikayang'ana pa galasi la windo kapena kudzera m'mbali za nsalu ya tibedi topinda ta paulendo.

Mamonita ambiri ali ndi VOX, imene imagonetsa sipika ndi sikirini mpaka phokoso litamveka, pofuna kusunga batire. M'chipinda chokhala ndi fani, AC kapena msewu waphokoso pafupi, VOX yokwezedwa kwambiri imayaka usiku wonse, ndiye makolo otopa amaitsitsa mpaka pansi, mwana n'kulira osamveka. Ikani pakatikati, muyatse fani kapena AC monga zidzakhalire usiku, wina alankhule motsitsa ali pamene mwana agone, mumve ngati ikudzuka. Nambala ya kutentha imene imaoneka pa sikirini musaikhulupirire kwambiri, popeza kachipangizo koyezera kali pafupi ndi kamera imene imatentha yokha, komanso kamasokonezeka ndi mphepo ya AC kapena dzuwa la pawindo. Gwirani mwana pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Opita ku Johannesburg mu Juni kapena Julayi adziwe kuti kuzizira kwake usiku kumaposa kwa ku Zomba kuno, ndipo hita imene achibale angakuikireni ikhale kutali ndi kabedi, neti ndi nthambo.

Mukafikira kwa achibale, auzeni kuti mwaika kamera ndi pamene mwaiika, auzeninso antchito a m'nyumbamo. Imamva zonse zolankhulidwa m'chipindamo, ndipo si ulemu kuti apongozi adziwe mochedwa kuti zokamba zawo zimamveka pabalaza. Isayang'ane kumene anthu amavalira. Ya Wi-Fi isinthidwe pasiwedi imene inabwera nayo musanyamuke, ikhale yaitali ndi yosagwiritsidwa ntchito pena, ndipo ngati pulogalamu yake imalola kutsimikizira kawiri polowa, yatsani. Onani kuti nambala yotsimikizirayo ibwera pa imelo kapena pa SIM iti, chifukwa ikamabwera pa SIM ya kuno imene mwaitulutsa m'foni, mudzatsekeredwa kunja kwa kamera yanu yomwe. Aliyense amene munamupatsa mwayi woonera nawo patchuthipo mumuchotse pa pulogalamuyo mukabwerera, ndipo ngati monita ya AA kapena AAA ikhala milungu osagwira ntchito, mabatire atulutsidwe.